Ndinawayang'ana m'maso

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako. Kuno ku Katowo tonse tilipo, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Azakhali, ntchito ndaipeza! Paja anandikana kawiri konse pa intavyu. Ndinkalowa monga munatilerera muja: maso pansi, mawu otsika. Mwezi wathawu ndinaonera filimu pa vidiyo ya pamsika. Munali mtsikana wosauka ngati ine ndemwe, koma polankhula ndi mabwana ankawayang'ana m'maso mopanda mantha. Ndinati nanenso ndiyese.

Sabata yonse ndinkayeserera pa amalume. Iwo ankakhala pampando ngati bwana n'kumandifunsa mafunso. Ndikangozolika ankakalipa kuti, "Iwe, kodi ntchitoyo ili pansipo?"

Lachiwiri ndinakwera matola kupita kumalo ena ogona alendo kufupi ndi Nyika. Pa intavyu bwana wa pamalopo anandifunsa mafunso, koma maso sanatsike. Pomaliza bwanayo anati, "Wolandira alendo azikhala wotere. Udzayambe Lolemba."

Chonde munditumizireko nsapato zakuda zogwirira ntchito. Mulungu akusungeni. Mukabwera pa Khirisimasi ndikamakuyang'anani m'maso, musadzati ndayamba mwano. Maso omwewo ndi amene azitidyetsa tsopano.

Yewo chomene,
Mwana wanu Tiwonge