Yunifolomu Imene Anandiyesa

9 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mdzukulu wanu. Kodi bondo lija likuvutabe m'mawa? Ine kuno m'thupi ndili bwino, koma nkhani imene ndili nayo si yabwino.

M'kalata yanga ya mu Meyi ndinati mwanayo akonzeke, teremu ikubwerayi adzayambira sukulu kuno. Ndinalemba choncho chifukwa pa 6 Meyi abwana oyang'anira antchito anatiitana tonse osesa. Pamaso pa anzanga ananena kuti papezeka malo amodzi a ntchito yokhazikika, ndipo ndi anga, poti ndine ndakhalitsa paganyu m'maofesi a bomawa. Wolembedwa ntchito yokhazikika amapatsidwanso chipinda kuseri kwa maofesi. Kumene ndikugona panopa tilimo anayi, mwana sangakwanemo.

Sabata yomweyo kunabwera telala kudzayesa mayunifolomu a antchito okhazikika, nanenso anandiyesa. Ankaseka kuti ndatalika ngati mlongoti, ndilithera nsalu boma. Alonda a pageti anayamba kundiitana kuti aboma, n'kumandichitira sawasha ndikamalowa. Sindibisa, Amayi, zinkandikomera.

Mayunifolomu afika Lolemba lapitali. Tsiku lomwelo kunafikanso mtsikana wachilendo, akuti ndi mlamu wa akuluakulu ena a kulikulu. Malo aja apatsa iyeyo, ndi chipinda chomwe. Ndinapita kwa abwana kukafunsa mwaulemu ngati pali pamene ndinalakwa. Anati palibe, zachokera kulikulu, iwo alibe mawu. Nthawi yonseyo maso awo anali pawindo. Nditafika pakhomo anandiitananso, ine n'kuganiza kuti mwina asintha mtima. Anafunsa ngati ndimasokabe, chifukwa yunifolomu ija ikumufika mtsikanayo mpaka pansi, ndipo telala sabweranso chaka chino.

Ndinailandira. Mtsikanayo sindimuda. Ndi waulemu, amanditchula kuti anti, ndipo ndine ndikumuonetsa posungira mopu ndi ndowa. Alonda aja nthabwala anasiya, akandiona amayamba kukonza loko wa pageti yemwe sanawonongeke.

Pempho langa ndi limodzi. Mwanayo mumuuze ndinu, mwapang'onopang'ono, kuti ulendo uja kulibe. Ndamva kwa azakhali kuti analongedza kale chikwama, n'kutsanzikanso anzake. Ine mawu akundisowa. Mukamulembetsenso kusukulu yake yakale malo asanathe, ndipo akafunsa musamuuze kuti amake ananama. Ndinanena zimene ndinauzidwa.

Yunifolomu ndamaliza dzulo. Mtsikanayo anati ndidule nsalu yotsalayo kuti isamulemere m'miyendo. Sindinadule, Amayi. Ndangoipindira m'kati n'kusoka.

Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene ndi alamu, ndi ana onse pakhomopo. Mwana wangayo mundigwirire dzanja.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu,
Make mdzukulu wanu