Mphuno ya Chitedze

Loweruka, 3 Ogasiti 2024

Mphepo yozizira kuyambira m'mawa, fumbi paliponse. Pano dzuwa lapendeka, mwina 4 koloko. Ndakhala kuseri kwa khola lathu lopanda kanthu.

Chitedze wapezeka. Ng'ombe yathu ija anatibera mu Juni, imene bambo anatisiyira pomwalira. Ali ku Malomo kwa a Petulo ogulitsa nyama. Makutu anamudulanso mwina, chizindikiro chathu palibe. Amayi atangomuona anakhala pansi. A Petulo akuti anagula kwa munthu wa ku Kasungu, ndipo ng'ombe zofiira padziko pano si imodzi.

Komiti ya kalabu yathu ya alimi a ng'ombe yamutsekera m'khola la pa dibi mpaka Lachisanu. Tikalephera kubweretsa umboni tsiku limenelo abwerera kwa a Petulo, ndipo Loweruka ndi tsiku la msika. Chitedze ali ndi bere.

Koma umboni ulipo. Mphuno ya ng'ombe ili ndi timizere ndi timabamphu ngati chala cha munthu, ndipo palibe ziwiri zofanana. A bungwe lina lothandiza alimi atabweretsa laputopu ku kalabu zaka ziwiri zapitazo anandisankha ine wojambula mphunozo, chifukwa ng'ombe sizindithawa. Ndajambula 412. Ya Chitedze ndinajambula ndekha. Lolemba tikangoyatsa kompyuta nkhani yatha. Ndawauza amayi kuti adye.

Lolemba, 5 Ogasiti

Ndakwiya, cholembera chikuboola pepala.

Ndinafika ku ofesi ya kalabu 7 koloko. Moffat, mlembi wathu, amene amasunga laputopu, anafika cha m'ma 9 akutafuna chinangwa. Anayatsa pulogalamu yofananitsa mphuno. M'malo motsegula, panatuluka zilembo zofiira zachingerezi mizere inayi. Anazimitsa, kuyatsanso. Zofiira zomwezo. Kachitatu, zomwezo.

Kenako anatembenukira kwa ine pamaso pa a Filipo, wapampando wa kalabu.

"Iwe Luckness, wabaya pati?"

Ine sindinaigwire laputopuyo chiyambire Julaye. Ndinafuna kunena choncho. Mawu anafika pakhosi n'kubwerera, monga mwa masiku onse.

"Mwaona a tcheya? Wangoti zii. Zinthu izi si za aliyense. Munthu wa Sitandade 7 azigwira chingwe cha ng'ombe basi."

A Filipo anangokanda kumutu. Ine maso pansi, kuwerenga nyerere. Zinali 14.

Ndadzikwiyira kuposa mmene ndamukwiyira iye.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Zaululika. A Filipo anaona kapepala ka shopu yokonza mafoni ya ku Boma m'chikwama cha laputopu, n'kumufunsa Moffat (ndizingolemba M.) bwinobwino. Wavomera yekha. Mwezi watha anaitengera kumeneko chifukwa akuti inkachedwa. Anafufuta zonse n'kuikamo zatsopano za pa intaneti. Ndiye zithunzi za mphuno, zonse 412, anazifufuta yekha, akuti zimadzaza malo ndipo ankafuna poika mavidiyo a ukwati wa mlongo wake. Anangosiya timafayilo tating'ono ta manambala, akuti "zofunika ndi zimenezo."

Zaka ziwiri ndikuyenda m'makola a anthu, ndowe mpaka m'mawondo. Ng'ombe ya a Filipo inandiponda chala, chikhadabo chinachoka. Iye n'kufufuta chifukwa cha anthu ovina pa ukwati.

Kupepesa? Ayi. Akuti, "Komabe ndiye kuti panali vuto kale."

Iwo akukangana, ine ndinakopera zilembo zofiira zija kumapeto kwa kope lino, chimodzichimodzi. Zambiri sindikuzimva. Pali mawu akuti patented, pali SURF, pali ena aatali a zilembo zazikulu zokhazokha.

Pansi pa laputopu pali kapepala komata ka nambala ya Safiya wa ku Dzaleka, amene abungwe anamulemba ntchito yotiikira pulogalamuyi poyamba paja. Ndinatuluka panja kukaimba. Ndinadula kawiri asanayankhe, mantha. Kachitatu ndinamuwerengera zilembo zija chimodzichimodzi. Anaseka, koma osati kundiseka ine. "Ndalidziwa vuto limenelo. Pa foni sizitheka, bwerani nayo mawa."

Nditabwerera mkati ndinauza a Filipo motsitsa mawu. M. anamva.

"Ameneyu akakonze kompyuta? Akaisiya m'minibasi."

A Filipo anati, "Inu munaitengera ku Boma, yabwerako bwanji? Ng'ombe ndi yawo. Apite mwanayu."

Ndaikulunga m'zitenje ziwiri.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Ndili kwa azakhali ku Dowa. Msana ukuwawa. Kabaza mpaka ku Boma, minibasi mpaka pa Mponela, ina mpaka ku Dzaleka, laputopu pamiyendo njira yonse ngati khanda.

Safiya ali ndi kachipinda ka makompyuta asanu kuseri kwa ogulitsa chapati. Anabwera kuno ali wamng'ono kuchokera ku Burundi, koma Chichewa amachithamangitsa kuposa ine. Sanandifunse kuti sukulu ndinalekeza pati. Anakoka mpando nati, "Khalani apa achemwali, mubaye ndinu. Mawa ikadzafanso ine ndidzakhala kutali."

Ndilembe zimene anandiuza ndisanaiwale.

Pulogalamu yathu siiona yokha. Imabwereka zida ku bokosi lalikulu laulere lotchedwa OpenCV, limene anthu ambiri amagwiritsa ntchito pophunzitsa kompyuta kuona zithunzi. Chida chimene chimapeza timadontho tapadera pa mphuno n'kutisandutsa manambala ndi SURF uja. Koma nzeru imeneyo ili ndi mwini wake, anailembetsa kuti ndi yake, ndiyo patenti. Choncho okonza bokosi aja, poopa milandu, akamagawa bokosi lomangamanga amasiya chida chimenecho chotsekera. Lomwe M. anatsitsa pa intaneti ndi lotsekeralo. Ukachifuna uyenera kutenga zipangizo zake n'kulimanga wekha bokosi lonse, utavomera kaye kuti chotsekeracho chilowe nawo. Safiya anachita zomwezo poyamba paja, atagwirizana ndi abungwe poti kalabu yathu sigulitsa pulogalamuyi kwa aliyense.

Ndinafunsa, ndipo ndinadabwa kumva mawu anga: "Palibe chida china chopanda mwini?"

Akuti chilipo, SIFT, nthawi ya mwini wake inatha mu 2020, aliyense akutenga. Zithunzi zikanakhalapo tikanangowerengetsa zonse ndi chimenecho, ola limodzi basi. Koma zithunzi kulibe. Manambala otsala aja anapanga ndi SURF, ndipo amangomvana ndi SURF yemweyo.

Ndiye ukwati wa mlongo wake wa M. wanditsekera khomo lapafupi.

Ndipo winayo, mwini patenti, kaya ali dziko liti. Sanagwirepo ng'ombe pamphuno. Mphuno ndi ya Chitedze, wojambula ndine, laputopu ndi ya kalabu, koma kiyi ali ndi munthu amene sadziwa n'komwe kuti kuli Ntchisi. Safiya akuti nayenso anavutikira nzeru yakeyo. Mwina. Ine lero sindikumumvera chisoni.

Kutsitsa zipangizo kunatha maola awiri, netiweki ikubwera ikupita. Kenako panatseguka tsamba la timabokosi tambirimbiri. Safiya anati ndipeze ndekha mawu aatali aja ndinakopera. Ndinatsegula kope, chala pa pepala, maso pa galasi. OPENCV_ENABLE_NONFREE. Kabokosi kake kopanda kanthu. Ndinachonga. Kabokosi kang'ono ngati njere ya mpiru, ndiye kamene kagwira ng'ombe yathu.

Kumanga kunayamba 1 koloko. Manambala akukwera pang'onopang'ono, laputopu ikutentha, ikulira ngati chigayo chakutali. Batire lake linafa kale, imadalira waya. Itafika 61 peresenti, magetsi thi.

Safiya anatukwana m'chinenero chakwawo. Ine ndinatuluka panja n'kumenya khoma ndi chikhatho. Mayi wa chapati anandiyang'ana nati, "Limenelo silibweza, mwanawe, menya ndithu."

Magetsi sanayakenso mpaka ndinanyamuka.

Lachinayi, 8 Ogasiti

M'mawa M. watumiza uthenga: "Zakanika eti? Bweretsa katundu wa kalabu."

Magetsi anabwera 10 koloko. Sizinayambirenso pa ziro, zinapitirira pafupi ndi pomwe zinalekera. 100 peresenti nthawi ili 12:40. Ndinatsegula pulogalamu ndekha. Zofiira palibe.

M'foni mwanga munali chithunzi cha mphuno ya ng'ombe yamphongo ya a Filipo, yondiponda ija. Tinayesera chimenecho. Kompyuta inafufuza m'manambala onse 412 n'kutulutsa dzina lawo, madontho ogwirizana 93. Safiya akuti opitirira 40 ndiye kuti ndi yomweyo. Wandilembetsa njira yonse m'kope muno, masitepe 11, wandiikiranso zonse pa fulashi. Pondiperekeza anati, "Mawa musakapatse munthu wina foni. Makina amawerenga zimene wawapatsa."

Ndafika kunyumba kuli mbuu. Amayi akhala akupita pa dibi tsiku lililonse kukamupatsa Chitedze madeya.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Anthu anadzaza pa dibi ngati pali mpira. A komiti, alangizi a ziweto, a Petulo ndi abale awo, amayi atafunda chitenje kumutu.

Alangizi anabwera ndi batire la sola loyatsira laputopu. Nditangoimasula m'zitenje, M. anailanda. "Zikomo, wagwira ntchito yonyamula." Analandanso foni, akuti mwana wa mwini mlandu sangajambule umboni. A Petulo anavomereza. Apo sindikanatsutsa, zinali zoona. Mawu a Safiya ndinawakumbukira, koma manja anali atapereka kale.

Chitedze anali atangomwa madzi. Mphuno yonyowa, madeya atamatirira, dzuwa likuwomba pomwepo mpaka kunyezimira. M. anaima patali, kuopa nyanga, n'kujambula. Anaika m'kompyuta.

Madontho 6. Palibe dzina.

Abale a a Petulo anakuwa. Wina anati, "Makina akana! Masulani ng'ombe!" A Petulo anayamba kumasula chingwe pamtengo. Amayi anandiyang'ana. M. anatseka laputopu nati, "Pepani mayi, sayansi siinama."

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinangomva ndikukuwa.

"Mphunoyo ndi yonyowa!"

Onse anatembenuka. Koma pakamwa panga sipanatsekeke.

"Ng'ombe 412 ndajambula ine m'kalabu muno. Aliyense pano anene ngati ndinajambulapo yake osaipukuta. Mumapukuta kaye, mumaiika pamthunzi, mumayandikira mpaka mpweya wake ukufikeni pankhope. Uyu wajambula dzuwa ndi madeya. Zithunzi zanga anafufuta, lero akufuna afufutenso ng'ombe ya bambo anga!"

Kenako bambo wina kumbuyo anati, "N'zoona, yanga anaipukuta ndi mpango wake." Wina, "Yanganso." Wina n'kuseka: "Kodi mwana wa malemu uja amayankhula?"

M. anati ndikufuna kubera. Ndinayang'ana a Petulo, koyamba kuwayang'ana kumaso.

"Bambo, pukutani ndinu, ndi nsalu yanu. Ajambule alangizi. Ine manja kumbuyo. Ikakananso, tengani."

A Petulo anavula chipewa chawo chansalu nati, "Chabwino. Ine sindinabe ng'ombe ya munthu, ndiye ndiope chiyani?" Anamukokera Chitedze pansi pa mthethe, n'kumupukuta mphuno ndi chipewacho, mofatsa ndithu, amazidziwa ng'ombe. Chitedze asanadzinyambitenso ndinati, "Pano!" Alangizi anajambula ali pafupi.

M. anafuna kubaya, a Filipo anamugwira mkono. "Alangizi abaye. Luckness aziwauza pobaya."

Ndinawauza. Kompyuta inafufuza.

Madontho 88. Dzina la amayi, nambala 137, Chitedze.

Alangizi anawerenga mokweza kawiri. Amayi analira koyamba chimwalirire bambo. A Petulo anayang'ana chipewa chawo chonyowa, anatchula dzina la munthu wa ku Kasungu uja, n'kupempha alangizi kuti awaperekeze kupolisi. Chingwe anapereka m'manja mwa amayi okha.

Anthu akubalalika, a Filipo ananena pamaso pa komiti kuti kuyambira lero laputopu izikhala ndi ine, ndipo mphuno zonse zijambulidwenso, zithunzi zizisungidwa pawiri. Zonse 412. Ndowe zija kachiwiri.

M. ananditsatira mpaka pamsewu. Sanapepese. Anangoti, "A Luckness, masitepe mwalemba m'kopemo, mungandibwereke ndikopere?"

Ndinati, "Lolemba. Mubwere ndi nsapato zolowera m'khola. Muzikagwira chingwe."

Anayang'ana nsapato zake, n'kubwerera.

Chitedze ali m'khola, akubzikula, ndikumumva kuchokera pano. Laputopu ili pansi pa bedi langa m'zitenje zake. Amayi akundiitana kuti ndikawafotokozere aneba zimene ndinanena pa dibi, ndipo ndikupita.

Ndalekeza pano Lachisanu, 9 Ogasiti, 5 koloko madzulo.