TV Yatsopano ndi Denga Lathu

Amake Tiwo,

Musakuwe mukalowa. Ndapita ku kiliniki, mwendo watupa.

TV ya 4K munandiletsa ija ndagula. Wogulitsa anati tizionera ngakhale thukuta la osewera mpira. Nditalumikiza dikoda yathu, zithunzi ndi zachimbuuzi zomwe zija, zangokula basi. Ndiye ndinakwera padenga kukatembenuza eriyo, lata ladzimbiri lija n'kubooka, mwendo wanga n'kutulukira pabalaza.

Mvula ya kuno ku Kanyama mukuidziwa. TV muifunditse pulasitiki, pansi pa bowo muikepo beseni. Ba landilodi akafunsa, muwauze kuti ndi mphepo.

Pepani mayi. Koma musanakwiye, suzumirani pabowopo. Mitambo ikuoneka bwinobwino, 4K yeniyeni, yopanda dikoda.

Wanu wotsimphina,
Dixon