Chitseko cha Pikapu Chapita ku Chulu

Abambo a Thoko,

Musandifunefune, ndakwera kabaza kupita ku Chulu. Ndalakwitsa, pepani.

Kunabwera a Pearson a ku Chulu okhoma mbaula aja kudzapempha zitsulo zadzimbiri zimene mwakhala mukuchotsa pa pikapu ya malemu abambo anu. Ndinawauza kuti atole mulu wonse uli kuseri kwa chigafa. Sindinadziwe kuti chitseko cha kumbuyo chija munachitsamiritsa pomwepo poganizira chochita nacho. Nachonso anatenga.

Inde n'chowola, koma ndi chimene abambo analembapo ndi penti, ndi dzanja lawo, kuti "Tifika" chaka chimene anayamba kunyamula mabelo a fodya. Madigadi mwasintha, boneti mwasintha, zitseko zam'mbali mwasinthanso. Chitseko chatsopano cha kumbuyochi ndachiyang'ana, n'chosalala bwino koma sichikunena kanthu. Tikachotsanso chakalecho, galimoto imene mudzayendetseyo idzakhala ya ndani?

Wowotcherera akafika, muuzeni asamange chatsopanocho mpaka ine nditabwera. Mwina chakalecho chitheka kuika chigamba.

Ndikakapeza a Pearson atachidula kale, ndibwera ndi mbaula yomweyo, tiziwotha moto pa zilembo za abambo.

Ndine,
Amayi a Thoko