Pemphero limene ndinapempherera amayi

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndi banja lonse. Ife kuno mitima yakhalako pansi. Alongo anu anatuluka m'chipatala Lachiwiri. Chotupa cha m'mimba chija anachichotsa, ndipo akuyenda okha mpaka pakhomo.

Tsiku la opaleshoni abusa anachedwa. Anamwino atabwera ndi bedi lamatayala, amayi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Upemphere ndiwe, mwanangu." Amalume, mukundidziwa, ine pagulu mawu satuluka. Odwala onse m'chipindamo anatsinzina kudikira ine. Mutu unaima, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Ambuye, dalitsani chakudya chimene tikufuna kudyachi." Chonsecho amayi anali asanalawe kanthu kuyambira dzulo lake, adokotala atawaletsa.

Mayi wa bedi loyandikana anati, "Ameni, achemwali, koma mbale zili kuti?" Amayi anaseka mpaka misozi, ndipo anawatenga akusekabe. Ine ndinatsala pabenchi panja, manyazi atandigwira, n'kumangoti chamumtima, "Mulungu, Inu mwamva zimene ndimafuna kunena." Anamvadi, amalume.

Kachidutswa ka chotupacho anakatumiza kokayeza. Adokotala anandiitanira pambali, koma zimene anandiuzazo si zolemba m'kalata, ndipo amayi sindinawauze. Mukapeza tchuthi musadikire kutha kwa chaka.

Dzulo amayi anapempha okha chakudya koyamba. Nditawaikira mbale anati, "Bwera nalo pemphero lako lija, lero ndiye tsiku lake." Ndinalinena lonse, ndipo iwo anamaliza mbale yonse.

Muzitikumbukira mukamapemphera.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
wamanyazi uja