Dikoda Ili Kuseri

Nsipe, Ntcheu

Okondedwa achimwene a Gibson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife kuno tilipo, ana akupita kusukulu, kungoti mbatata zagwa mtengo chaka chino.

Dikoda munatumiza ija inafika, zikomo. Alamu anu, bambo a Atikonda, anaitana mmisiri wa ku Manjawira kudzalumikiza ma TV atatu: ya pabalaza, ya m'golosale ndi ya m'kanyumba kakuseri komwe amagona Alinafe, mtsikana wotithandiza kugulitsa. Dikodayo anakaiika kwa Alinafeko, ati waya wa dishi ndi waufupi. Sindinatsutse. Za mawaya ndingazidziwe bwanji ine?

Mmisiriyo anatichenjeza kuti dikoda ikakhala imodzi, ma TV onse amaonetsa zofanana. Chimene wasankha wogwira rimoti, enafe timaonera chomwecho. Alinafe mpira sautsata, amakonda nyimbo za kwaya. Koma Loweruka lililonse masana, alamu anu akatsanzika kuti akukapikula katundu ku Balaka, sipapita nthawi kwaya imaduka, pabalaza panga n'kuyamba mpira. Loweruka lathali Atikonda anandifunsa kuti, "Amayi, adadi akusintha bwanji tchanelo ali ku Balaka?" Ndinangomutuma kukatunga madzi.

Alamu anuwo musavutike n'kuwaimbira foni. Ankhoswe ndinawauza kale, anangoti banja n'kupirira.

Kodi makiyi a nyumba yanu ya ku Mlangeni ija munasiyira ndani? Ndikungofunsa. Ngati denga likudonthabe, mabeseni ndili nawo okwanira.

Mupereke moni kwa mayi a kunyumba ndi ana.

Ndine mlongo wanu,
Mervis