Handibuleki ndi Mwala wa Askale

Lamulungu, 16 mwezi wa Tir

Kwatsala sabata imodzi kuti mwana wanga Leul akatenge mkazi, ndipo ine bambo wake ndatha tsiku la Mulungu ndili chagada pansi pa galimoto.

Dzulo tinamaliza kusintha mabuleki akumbuyo a Chikumbu changa, galimoto yanga yakale ya ku Jeremani. Madiramu akale amene chinabwera nawo mu 1968 tachotsa, taika madisiki amene mwana wanga wamkazi anatumiza kuchokera ku Jeremani. Wagwira ntchitoyo ndi Nesru, makaniko wanga wa zaka makumi awiri. Ine ndimamupatsira masipanala ndi nzeru. Masipanalawo amalandira.

Titamaliza kunatsala mawaya awiri a handibuleki, ali lende pansi ngati ndevu za mbuzi. Ndinafunsa kuti awa alowa pati. Nesru anayang'ana waya, anayang'ana kalipa, chitsulo chatsopano chija chimaluma disiki, kenako anayang'ana kumwamba. Akuti, monditchula mwaulemu monga mwa masiku onse, "Gashe Zewdneh, ndikamwe kaye tiyi." Sanabwerere.

Pepala la malangizo lili m'Chijeremani. Ndinaphunzitsa jogalafe zaka makumi atatu, mitsinje yonse ya ku Jeremani ndimaidziwa pamtima, koma papepalapo sanatchulepo ndi umodzi womwe.

Lolemba, 17 Tir

Leul wabwera ndi nkhope ya kuofesi.

"Ababa, kwawo kwa Sosina mwakuona. Uja si msewu, ndi khoma."

Sakunama. Kwawo kwa mkwatibwi ndi kumtunda kwa Shiro Meda, pamene msewu umayamba kukwera phiri la Entoto. Achibale ake adzatitsekera pageti monga mwa mwambo, n'kumatiimba nyimbo zonyoza mpaka mitima yawo itakhuta, ola lathunthu kapena kuposa. Nthawi yonseyo galimoto idzakhala itaima pachitunda, kumbuyo kwake kuli anthu ovina.

Ndinati tidzachisiya mu giya. Akuti injini inatopa, mu giya chimatsetsereka pang'onopang'ono ngati nkhalamba pamasitepe. Izinso n'zoona. Ndinati ndiye tidzaika mwala ngati masiku onse.

"Mwala? Pageti pa apongozi? Azakhali a Sosina amapeka nyimbo pomwepo, Ababa. Zidzukulu zanu zidzaipeza ikuimbidwabe."

Wandipatsa mpaka Loweruka masana. Tikachiyese pachitunda chomwecho. Chikakanika kuima chokha, akabwereka galimoto yoyera yamakono, zija zooneka ngati firiji.

Amayi ake ndinawatengera m'Chikumbu chomwechi zaka 34 zapitazo, chili cha bambo anga. Kuyambira Leul ali wamng'ono ndakhala ndikuuza aliyense, kutchalitchi, kometa tsitsi, ngakhale pamaliro, kuti nayenso adzatengera mkazi m'menemu. Ndikabwera ndi firiji ndidzayenda bwanji mumsewu?

Poti buku ili sindionetsa munthu, ndivomere: handibuleki ya Chikumbu sinagwirepo chiyambire ine kuchiyendetsa. Ndikakhala ndekha ndimasaka malo athyathyathya. Ndikakhala ndi mkazi wanga Askale, ine ndimaponda buleki, iye amatuluka ndi mwala umene umakhala kumapazi kwake, kuuika kuteyala lakumbuyo, n'kunena kuti "Siyani." Ine n'kusiya. Ukwati wathu wayenda choncho.

Pofuna kumuonetsa Leul kuti sindikukayika, ndinautulutsa mwalawo iye akuona, n'kukauponya kuseri kwa nyumba. Askale anali pakhonde. Anaona zonse. Masana wandipatsa makapu awiri a khofi, yachitatu ya mwambo ayi. Sindikudziwa kuti ndalakwa chiyani.

Lachiwiri, 18 Tir

Nesru wabwera. Tiyi wa masiku atatu.

Mavuto alipo awiri. Loyamba, mawaya akale kumapeto kwake kuli kamphete kokolekera m'diramu, pamene kalipa ikufuna waya wokhala ndi kamutu kozungulira. Lachiwiri ndilo landizunguza: pakalipa pali kamkono kamene waya amakoka, koma kamkonoko kakufuna kukokedwa kuchokera kumbuyo. Waya amachokera kutsogolo. Kumbuyo kuli injini ndi bampala basi. Kodi Ajeremani amakoka handibuleki ataima panja?

N. akuti tipange mawaya aatali, adutse kalipa, akhote n'kubwerera. Tapita kumsika waukulu wa Merkato kwa munthu wopanga mawaya a maminibasi. Anatiyang'ana nthawi yaitali, akuti, "Ndi galimoto kapena ndi chingwe choyanikira zovala?" Koma wapanga.

Buleki yakuphazi nayo ikulowa ngati ukuponda injera, mkate wathu wofewa uja. N. akuti muli mpweya. Wautulutsa kawiri, sikutuluka thovu ndi limodzi lomwe, koma phazi likufikabe pansi.

Amayi oyandikana nawo ayamba kudula anyezi wa ukwati. Matumba anayi. Bwalo lonse likulira, ndiye palibe wandizindikira ine.

Lachitatu, 19 Tir

Mawaya aatali talumikiza. Ndakoka handibuleki, yalira ke-ke-ke kakhumi ndi kanayi mpaka kuloza kudenga. N. wakankha Chikumbu ndi chala chimodzi. Chayenda.

Tsiku losala nyama. Ndiwo ndi shiro, ya ufa wa nyemba. Askale wandilankhula kamodzi tsiku lonse: "Sunthani mapazi." Amasesa.

Lachinayi, 20 Tir

Sindikufuna kulemba za lero, koma ndilembe.

N. anagona pansi pa galimoto theka la ola osagwira kanthu. Ndimayesa wagona tulo. Kenako ndinamva mawu kuchokera pansipo.

"Gashe, inu munapita ku koleji. Mpweya ukakhala m'madzi umakwera kapena umatsika?"

Ndinati umakwera, ngakhale mwana wa sitandade 4 amadziwa.

"Ndiye kabawuti kotulutsira mpweya kakutani pansi?"

Ndinagwada. Kabawutiko kanalidi kunsi kwa kalipa, mbali zonse ziwiri. Anapukuta chitsulocho ndi nsanza, panaoneka chilembo R. Kalipayo inali kumanzere. Ya L inali kumanja. Zonse zinali chadodolido, n'chifukwa chake mpweya sumatuluka, n'chifukwa chake timikono tija timayang'ana kumbuyo.

"Anandipatsira mabokosi Loweruka lija ndani?"

Ndine. Ndinawerenga zilembozo bwinobwino, ndinaika L kudzanja langa lamanzere, R kulamanja. Koma ndinali nditaima kutsogolo, kuyang'anizana ndi Chikumbu maso ndi maso.

Ndinati pepalalo silinanene kuti kumanzere kwa ndani.

"Kwa woyendetsa, Gashe. Galimoto simunthu woti mukumupatsa moni."

Ndinamukumbutsa kuti makaniko ndi iyeyo, bwanji sanayang'ane. Akuti munthu wodziwa mitsinje ya ku Jeremani sumamutsutsa. Mawa tisinthanitsa makalipa, mawaya aatali aja akawafupikitsa. Ndamupempha kuti nkhaniyi ithere pansi pa galimoto pomwepo. Pofika madzulo amayi a anyezi anali kundifunsa kuti khutu langa lamanzere ndi liti.

Leul waimba foni. Ndamuuza kuti zatsala zing'onozing'ono. Akuti mwini firiji akufuna yankho.

Lachisanu, 21 Tir

Makalipa ali m'malo mwake. Timikono tikuyang'ana kutsogolo ngati ana omvera. Mawaya alowa osakangana.

Kunatsala kutulutsa mpweya, ntchito ya anthu atatu: N. pansi ndi sipanala, ine kutsogolo kuthira mafuta a mabuleki m'kabotolo kake kuti kasaume, wina mkati kuponda. Leul anali kwa telala. N. anakapempha Askale, amene amamutcha Etiye mwaulemu. Ine sindikanayerekeza.

Anabwera akupukuta manja, nakhala pampando wa woyendetsa. Zaka 34, aka n'koyamba. Chivundikiro cha kutsogolo chinali chotsegula, ndiye nkhope yake sindimaiona.

"Pondani, Etiye. Pondaninso. Gwirani pomwepo. Siyani."

"Siyani ndi mawu anga amenewo," anatero Askale.

N. anaseka pansipo. Ine ndinati posachedwa apuma pantchito imeneyo, ayamike.

"Bambo a Leul, mwala uja munautola kuti?"

Ndinati panjira ya ku Jimma, chaka chija tinaphulitsa teyala.

"Pondani, Etiye."

"Tsiku lija munabwera kudzanditenga, galimoto iyi inatani pageti pathu?"

Zimenezo ndikukumbukira. Inabwerera m'mbuyo, azakhali ake akuimba, mmodzi anataya nsapato pothawa.

"Achimwene anga a Tilahun anazula mwala pampanda wa bambo anga n'kuuponya kuteyala. Tikunyamuka ndinawauza kuti auike kumapazi kwanga. Inu munali kalikiliki ndi tayi wanu."

"Gwirani pomwepo."

"Nyumba ija anaigumula pokulitsa msewu. Bambo anapita. A Tilahun anapita. Mukandifunsa kuti kwanu n'kuti, ndikulozerani chiyani?"

Kenako N., motsitsa mawu, "Siyani, Etiye."

Ine ndinathira mafuta mpaka kusefukira.

Ndinathamangira kuseri kwa nyumba. Mwala kulibe. Amayi ophika anautola Lachiwiri n'kuusandutsa fuwa, pamwamba pake pali mphika waukulu wa anyezi wa nkhuku za ukwati, woti anthu awiri sangaunyamule. Mafuwa atatu, onse bii ndi mwaye. Ndinazungulira mphikawo kawiri. Mkulu wa ophika akuti, "Gashe, mukafuna kulawa nenani, musatizungulire ngati fisi."

Mwala umene ndayenda nawo zaka 34 sindinathe kuuzindikira. Askale anadutsa atanyamula beseni, osayang'ana n'komwe.

"La kumanzere. Kumanzere kwanu, aphunzitsi."

Ophika akuti mphika sutsika mpaka mawa m'mawa.

Buleki yakuphazi tsopano yalimba ngati mtima wa woyang'anira mayeso. Handibuleki ikadali ke-ke-ke kakhumi ndi kamodzi, matayala akuzungulirabe. N. akuti ali ndi ganizo.

Loweruka, 22 Tir

M'mawa mphika watsika. Ndaikapo njerwa, ndatenga mwala. Ndautsuka ndi sopo katatu, mbali imodzi yakana kuyera. Ndauika pakhonde. Nditatembenuka sunalipo.

Ganizo la N. linali lakuti mapadi, timapale ta m'kalipa toluma disiki, akadali kutali nayo, ndipo kalipa imadziyandikizitsa yokha ukamagwedeza kamkono kaja. Anamasula mawaya, nagwedeza kamkono ndi dzanja, uku makumi atatu, uku makumi atatu, ine ndikuponda buleki pakatipakati. Analumikizanso, namanga timanati tiwiri tili pahandibuleki mkati. Ndinakoka. Ke, ke, ke, ke, ke. Kasanu, n'kuuma. Ndinamufunsa kuti wazidziwa bwanji. Akuti mdzukulu wa mlongo wake anajambula pepala lija pafoni, foni n'kulimasulira. Ndinafunsa kuti liti. Akuti Lachinayi madzulo. Sindinafunsenso.

Masana Leul ndi N. anatsogola pa takisi. Ndikuliza injini, chitseko chinatseguka, Askale analowa, wasiya ophika onse, mwala uli pamiyendo ataukulunga m'nsalu yake yoyera. Ndinati Leul akauona akwiya. Akuti Leul anamubereka ndi iye.

Tinakwera Shiro Meda mu giya yoyamba. Tinaima kunsi pang'ono kwa geti la apongozi, pamene sangatione, pomwenso ndi potsetsereka kuposa pageti penipeni. Leul anaima pambali atapinda manja. N. anaima kutali ndithu, malo amene galimoto yobwerera singamupeze. Chikhulupiriro cha makaniko.

Ndinazimitsa injini, ndinachotsa giya, ndinakoka. Kasanu. Phazi lili pabuleki. Askale anali atatsegula kale chitseko, mwendo umodzi uli panja, manja ali pamwala. Thupi linazolowera.

Ndinati, "Mayi a Leul, dikirani kaye."

Anandiyang'ana. Ndinadikira mawu aja. Phazi langa silidziwa kuchoka popanda kuuzidwa.

"Siyani," anatero, ali mkati.

Ndinasiya pang'onopang'ono. Chikumbu chinati tswii, chinakhalira kumbuyo pang'ono ngati munthu wofuna mpando, n'kuima. Ndinawerenga mpaka makumi awiri. Mtengo wa bulugamu umene unali pawindo langa unali pomwepo. Leul anapita kutsogolo, nakankha ndi manja onse awiri, ndi mphamvu zake zonse. Kenako N. anabwera kudzamuthandiza. Chikumbu chinangogwedezeka.

Askale anayang'ana mwala, anayang'ana mwendo wake uli panja uja.

"Ndiye inu mumakhala mukutani muno ine ndikakhala kunja?"

Ndinamuonetsa kagalasi kamkati. Ndinati umu ndimaona nsonga ya mpango wanu ikutsika, kenako ikukwera. Ikakwera ndiye ndimapuma.

Anapendeketsa kagalasiko, nayang'anamo. Munalibe munthu, msewu wokha ukutsikira kumzinda.

Leul anagogoda pawindo langa, thukuta lili kamukamu, akumwetulira mosafuna. "Chagwira, Ababa. Mawa tibwera nacho. Tulukani muone."

Askale analowetsa mwendo, nakoka chitseko mpaka kutsekeka, naika mwala kumapazi kwake.

"Muuzeni adikire," anatero.